Buluu pa Phazi Langa

Ndinkanyamula matumba pa holoselo ya amwenye ku Limbe. Ntchito ya miyendo. Kenako matenda a shuga anandigwira. Phazi lakumanzere linayamba kuzizira, chala chachikulu nʼkuda.

Kuchipatala kunali makina atsopano. Adokotala, mayi wachitsikana, anandigoneka pabedi. Kamutu ka makinawo kanaima pamwamba pa phazi, osalikhudza. Kakuwala kofiira kanayenda pakhungu, uku ndi uku. Amati leza. Sikawotcha. Pa kompyuta panatuluka phazi langa la mitundumitundu.

"Pofiira magazi akuyenda, bambo. Pa buluu sakufika."

Kuchokera mu akakolo kutsika, buluu yekhayekha. Anandipatsa mankhwala, nati tidzajambulenso. Pakapanda kusintha, adula.

Mkazi wanga ndi wa ku Nsanje. Kwawo chiwalo chikauma amathowa. Mu minibasi yobwerera kwathu ku Manja anati, "Magaziwo angogona. Tiwadzutsa."

Mʼmawa uliwonse madzi pa mbaula, kansalu, kuthowa.

"Akuwotcha, bambo a mwana?"

"Ayi."

Sindinkanama. Phazilo silinkamva kanthu.

Tsiku lobwerera kuchipatala mkazi wanga ananyamula madzi otentha mu fulasiki. Anandithowa pabenchi, pamzere pomwepo. Mkulu wina wa ndodo anaseka.

"Mayi, mukufuna kupusitsa makina?"

"Phazi ndi lanu?" anamubwezera.

Adokotala anandivula sokosi. Matuza okhaokha, ena ophulika kale.

"Wachita izi ndani?"

"Ine," anatero mkazi wanga. "Kuti pafiire."

Kuwala kuja kunayendanso. Pamwamba pa akakolo panafiira kwambiri. Mkazi wanga anawomba mʼmanja. "Mwaona!" Adokotala anamulozera mʼmunsi. Buluu yemwe uja. Anamuuza modekha kuti madzi otentha satsegula mtsempha wotsekeka, ndipo zilonda zimenezi sizingapole popanda magazi. Kenako anatenga cholembera nʼkujambula mzere pamwendo wanga, mʼmunsi mwa bondo.

Anadula pamzere womwewo.

Pano ndimakhala pakhonde. Ku Limbe matumba akunyamula ena. Adokotala ananena kuti ngakhale akanapanda kuthowa, mwendowo unali utapita kale. Ndinamuuza mkazi wanga. Sakhulupirira. Akamandipatsa madzi osamba amayamba waviikamo chigongono, amaviikanso, mpaka madziwo azizire.

Phazi lakumanja layamba kuzizira. Sindinamuuze.