Tsiku lobwerera kuchipatala

Ana anga, ndikhulupirira mwaswera bwino.

Lero ndinapita kuchipatala kukayezetsa kuthamanga kwa magazi. Anamwino aimvi aja, amene akhala pano zaka zambiri, awapatsa kakompyuta kam'manja kolembamo odwala, ndipo angoyamba kumene kukaphunzira. Ankadina molakwika, mpaka dzina langa analifufuta kawiri.

"Pepani bambo," anatero. "Jakisoni ndingabaye nditatsinzina, koma kanthu aka kandigonjetsa."

Ndinati, "Musachite manyazi, mayi. Ine kulemba dzina ndinaphunzira kusukulu ya kwacha, ndili kale ndi zidzukulu. Dinani pang'onopang'ono, sindikuthamangira kulikonse."

Anaseka, n'kuyesanso, ndipo zinatheka. Kenako anandiuza kuti tsiku lobwerera likayandikira, foni yanga idzalira kundikumbutsa. Apo ndiye misozi inangotsika yokha.

Pali chimene sindinakuuzenipo. Amayi anu atadwala, achipatala analemba tsiku lobwerera m'kabuku kawo. Tonse awiri sitinkadziwa kuwerenga, ndipo ine ndinachita manyazi kufunsa aphunzitsi oyandikana nafe. Kabukuko ndinakatsomeka kudenga, n'kunena kuti tidzapita tikakumba kachewere. Titapita, adokotala anati tachedwa ndi miyezi iwiri. Kabukuko ndikadali nako, ndipo tsikulo tsopano ndimatha kuliwerenga ndekha.

Anamwinowo apempha nambala yachiwiri, ya mwana wanga mmodzi, kuti ine ndikaphonya uthengawo wina aulandire. Sindinafune kupereka ya aliyense musanamve zimenezi. Tsopano mwamva. Alipo angalole kuti ndikalembetse yake?