Adada anandiperekeza mpaka ku Mzuzu

Ndinaganiza zopita ku Germany chaka chimene tinaika amama m'manda. Ndinkaphunzitsa pa sekondale ina cha ku Phwezi, ndipo mwayi wa maphunziro utapezeka sindinaganize kawiri. Adada, mphunzitsi wopuma wa sukulu za mishoni komanso mkulu wa mpingo, anaimva nkhaniyo ali pakhonde, n'kuvula magalasi.

"Nyamhango, ukawerenge ndakatulo za azungu amene anafa kalekale? Akufa athu kuno sakukwanira?"

Tsiku lonyamuka sanandiperekeze. Kwathu ngakhale mlendo wongopempha madzi akumwa timamutulutsa mpaka pamsewu, koma ine mwana wawo weniweni ndinatsanzika chitseko chotseka. Chikwama anandinyamulira ndi mlongo wanga Wongani mpaka pa Boma la Rumphi, pomwe ndinakwera minibasi ya ku Mzuzu. Zinandiwawa, ndipo sindibisa.

Ku Germany ndalama ya maphunziro inkangothera lendi. Loweruka ndinkatsuka mbale mu lesitilanti kuti Wongani apeze feteleza. Nyengo yozizira dzuwa linkalowa anthu asanaweruke, ndipo Lamlungu mabelu a tchalitchi ankalira koma mumsewu muli zii. Ndinkatha miyezi osamva munthu akunditchula Nyamhango. Ndikaimba foni kumudzi, adada ankangondipatsa moni wa kwathu, "Uli makora? Yewo," n'kumubwezera Wongani foniyo ngati ikuwotcha.

Ntchito yanga, ndikaifotokoza kumudzi, anthu amaseka. Alembi akale a Chijeremani anali ndi chizolowezi chobwerera ku zimene analemba ali anyamata n'kuzikonza atakalamba. Ndiye ndakatulo imodzi imapezeka pawiri, mwina patatu, mawu atasiyana apa ndi apo. Akatswiri amakangana mpaka kutuluka thukuta: yeniyeni ndi iti, yoyamba ija kapena yomaliza imene mwiniwake anaivomereza asanamwalire? Pali anthu amene amadyetsa mabanja awo ndi mkangano umenewu, ine ndemwe.

Ine ndinali wa mbali ya yoyamba, ndipo pakamwa sindinkasewera. M'misonkhano ndinkanena poyera kuti nkhalamba imanama: imafufuta mkwiyo wa pa unyamata, kubisa zipsera, n'kudzipaka mafuta kuti tiione yosalala. Profesa wanga, mayi wa imvi wosakonda kuseka, tsiku lina anandiimitsa pamasitepe.

"Walemba bwino za zimene anasintha," anatero. "Koma unayamba wadzifunsa chimene chimabweza munthu wokalamba ku mawu amene aliyense anaiwala kale?"

Ndinamuyankha kuti ndi manyazi basi, n'kupitirira.

Zaka zinadutsa. Kenako Wongani anatumiza uthenga wa mawu pa foni: "Adada ayamba kuiwalaiwala. Ngati ukufuna akuone akadakudziwa, bwera." Mu ndege monse ndinkaganiza chinthu chimodzi. Ndinkafuna adada anene ndi pakamwa pawo kuti tsiku lija anandilakwira, mutu wawo usanaitaye nkhaniyo.

Ndinawapeza ataonda, jekete ikuwalendewera, koma anandidziwa. Mawa lake akuluakulu a mpingo anabwera kudzandilonjera, ndipo tiyi ali mkati adada anakonza kukhosi monga ankachitira m'kalasi.

"Mwana uyu popita kunja ndinamuperekeza ndekha. Chikwama paphewa, kukwera naye minibasi mpaka ku Mzuzu. Mvula inali yosasimbika tsiku limenelo."

Ha! Mvula mwezi wa Seputembala ku Rumphi? Ndinati, "Koma adada…" Wongani anandiponda chala mwamphamvu mpaka ndinameza mawu pamodzi ndi tiyi.

Alendo atapita ndinamukokera kuseri kwa nyumba. "Iwe, ukuwasiya aziwanamiza akuluakulu a mpingo? Chikwama unanyamula ndiwe!"

"Ndikudziwa, phewa ndi langa," anatero akuseka. "Nkhaniyi anaiyamba kalekale, mutu ukadali bwinobwino. Poyamba ankati anakufikitsa pamsewu. Kenako inafika pa Boma. Chaka chino ndi ku Mzuzu. Ukanachedwa pang'ono akanakukweza okha ndege ku Lilongwe."

Ine sindinaseke. Ndinakwiya, chifukwa chilonda changa anachisandutsa nthano yosangalatsa alendo. Koma mawu akuti mutu ukadali bwinobwino anakana kundichoka. Ndiye kuti zaka zonse zimene ndinkatsuka mbale n'kumati adada anandichotsa mumtima, iwo anali pakhonde lija kubwerera ku m'mawa umodzi womwewo, n'kumawonjezera mtunda. Funso la profesa uja linandipeza nditaima pafupi ndi khola la nkhuku.

Tchuthi chinatha nkhaniyo tisanaikhudze. M'mawa wonyamuka ndinawapeza adada atavala kale jekete ndi tayi, ndodo m'manja. Wongani anawaletsa, koma iwo anati, "Chokani apa." Tinayenda pang'onopang'ono, iwo atandigwira mkono, mpaka pamene kanjira kathu kamakumana ndi msewu. Apo mawondo anakana. Anapuma kaye, kenako anandiyang'ana m'maso, ndipo maso amenewo sanali a munthu woiwala.

"Nyamhango, ulendo uja ndinakuperekeza. Si choncho, mwana wanga?"

Moyo wanga wonse wa ntchito ndauthera kuteteza mawu oyamba, ndipo mawu oyamba a nkhani imeneyi ndinali nawo pamlomo: chitseko chotseka, phewa la Wongani, dzuwa la Seputembala. Koma mwini nkhani anali ataikonza kwa zaka, ndipo tsopano ankandipempha kuti ndiivomereze. Kwathu bambo sagwadira mwana wake. Kupepesa kumene ndinakudzera kutali kuja kunali kumeneku.

"Munandiperekeza, adada. Mpaka ku Mzuzu." Kenako ndinafunsa, "Chikwama chija chinali cholemera?"

"Chomene," anatero, n'kusisita phewa. "Mabuku okhaokha."