Mpira wa majumbo a mkaka

Chilimwe chimenecho ndinatenga tchuthi kuchipatala chomwe ndimagwira ntchito ku Mississauga n'kukalembedwa unesi ku kampu ya atsikana, m'nkhalango ya kumpoto kwa Toronto. Chondikopa chinali chakuti nesi amaloledwa kubwera ndi mwana wake. Wanga anali ndi zaka khumi ndi chimodzi, wobadwira konkuno, wongodziwa foni ndi chikepe cha pafulati. Ndinati akaoneko kunja.

Tsiku linkayamba ndi belu. Atsikana ankathamangira kunyanja kukadziponya m'madzi ozizira ngati a mufiriji, akatero kadzutsa, kenako kupalasa bwato ndi kulasa mivi. Ine ndinkakhala m'kanyumba kanga, kumata mabandeji ndi kupaka mankhwala polumidwa ndi udzudzu. Anzake a mwana wanga anayamba kubwera kukampuko ali aang'ono, zonsezi anakula nazo. Wanga bwato linkangozungulira naye pamodzimodzi, muvi n'kukagwera pa udzu. Pofika sabata yachitatu anasanduka wodwala wanga wa tsiku ndi tsiku: lero m'mimba, mawa mutu, mkuja bondo. Ndikamupima, thupi lili bwinobwino.

"Mami, I want to go home," anatero tsiku lina, nkhope ili pansi. "Ndine useless."

Ine paja mtima wanga ndi wapachala. Ndinamukalipira kuti sindinasiye ntchito yanga kuti ndidzalere munthu wamkulu pabedi. Atatuluka akulira, manyazi anandigwira, mantha pamwamba. Ndinadziwa kuti akachoka pano mothawa, adzazolowera kuthawa. Ndinamulondola n'kumupempha kuti asawaimbire bambo ake, apirire mpaka tsiku lomaliza.

Kampuyo inali ndi mwambo wake wotsekera. Nyumba zogona zinkapikisana, ndipo yopambana inkalemba mayina pankhafi yopalasira bwato n'kuipachika m'chipinda chodyera. Masewera otsiriza ankakhala achilendo chaka chilichonse, obwera ndi mmodzi wa antchito, kuti pasakhale katswiri. Mkulu wa kampu atafunsa ngati alipo wodziwa ena, ndinakweza mkono asanamalize n'komwe. Ndinati fulaye.

Mpira ndinapanga ndekha. Ndinatola majumbo a mkaka kukhitchini, paja kuno mkaka umabwera m'majumbo, n'kuwatsuka, kuwakulunga ndi kuwamanga ndi chingwe monga tinkachitira ku Ndirande. Ndinawafotokozera atsikana onse kuti awiri amagenda, a pakati amazinda uku akuthira mchenga m'botolo. Wogendedwa wafa, koma mmodzi akadzaza botolo n'kukhuthula, anzake onse akufa adzuka. Kenako ndinamanga chitenje n'kulowa pakati, ntchembere yonseyi, kudumpha ndi kudzigwetsa. Anaseka mpaka kugwira nthiti. Mawondo anga anandiimba mlandu sabata yathunthu.

Apa ndiulule. Onse ndinawaphunzitsa malamulo, koma masana ena aliwonse, anzake akupuma, wanga ndinkamugenda kuseri kwa kanyumba kaja. Ndinamuuza chinsinsi cha kwathu: usayang'ane mpira, yang'ana phewa la wogenda. Ngati kunali kukondera, Mulungu andikhululukire, fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Tsiku lomaliza nyumba yake inafika mu ndime yotsiriza, yolimbana ndi atsikana akuluakulu. Ogendawo anali a manja ozolowera kuponya mpira pamasewera a softibo. Posakhalitsa anzake asanu ndi awiri anali atakhala pambali, iye yekha pakati, botolo lisanafike ndi theka. Ndinaima patali ndi chikwama cha mankhwala. Mpira unabwera wam'mutu, anawerama. Wam'miyendo, anadumpha n'kutera ali chogwada, manja ali kale mumchenga. Wachitatu unapita patchire, iye n'kuthira, kuthira, kugwedeza botolo kuti mchenga utsike. Kampu yonse inayamba kutchula dzina lake, dzina lomwe kwa masabata anayi ankalipotoza, tsiku limenelo analitchula bwino. Atakhuthula botolo, anzake aja anadzuka n'kumugwera pamchenga. Ine ndinaiwala unesi, ndinaimba nthungululu mpaka mbalame kuthawa m'mitengo. Ndinanyada, ndinanyada kwabasi.

Nyumba yawo inapambana, ndipo madzulo analemba mayina pankhafi ndi penti yofiira. Anzakewo anamupatsa burashi kuti ayambe ndiye. Mkulu wa kampu anapempha mpira wanga kuti aupachike pambali pa nkhafiyo, ndipo ndinavomera msangamsanga asanasinthe maganizo.

M'mawa mwake basi yobwerera ku Toronto itafika, ndinamusungira malo pafupi ndi ine. Anakwera ndi gulu lake, bondo lili lonyuka, osafuna ndi bandeji yomwe. Anaima pafupi ndi mpando wanga pang'ono chabe n'kundiuza kuti walembetsa kale za chaka chamawa.

"Koma inu musabwere, Mami," anatero m'Chichewa chake chotsimphina. "Ndikhoza ndekha."

Anapita kukakhala kumbuyo. Ndinaika chikwama changa pampando wakewo, n'kutembenukira kuwindo kuti asaone kuti ndikuseka ndi misozi.