Tokyo ndi pafupi, Mtunthama ndiye kutali

Sabata yathayi kwathu ku Kaomba kunali chinkhoswe cha mwana wa mlongo wanga Nabanda. Ine monga malume ndinali pakalikiliki, koma mtima wa Nabanda sunali pa mbuzi kapena pa thobwa. Unali pa Tadala, mwana wake woyamba, amene akuphunzira ku Tokyo, m'dziko la Japan. Mkwatibwi anali atanenetsa kuti popanda mkulu wakeyo sadzatuluka m'nyumba.

Tikugula shuga musitolo ya Che Yusufu, amene anapitako ku Haji, Nabanda analephera kupirira.

"Che Yusufu, inu munakwerapo ndege. Kuchoka ku Tokyo kufika ku Lilongwe ndi kutali bwanji?"

"Mayi, ine wopita ku Maka ndinafika miyendo itatupa ngati maungu," anatero Che Yusufu akuseka. "Chonsecho ku Maka ndi pakhomo tikayerekeza ndi kumeneko. Mwana wanuyo adya, agona, adzuka, adyanso, akadali m'mwamba. Atsika m'dziko la eni, akwera ndege ina. Kuno kukamacha, kumeneko amakhala atadya kale nkhomaliro."

"Mayo ine! Ndiye kuti ngakhale dzuwa lawo ndi lina?"

Lachinayi Tadala anatera ku Lilongwe. Anakwera minibasi, kenaka kabaza, n'kutipeza pakhomo fumbi lili mbuu m'nsidze. Nthungululu za amayi ake zinathamangitsa nkhuku zonse za m'mudzi.

Atangomwa madzi, mtsikana uja anaunguzaunguza. "Nanga malume aakulu ali kuti?"

Tinayang'anana. Achimwene athu a Banda, omwe ndiwo nkhoswe yeniyeni pamwambowu, amakhala ku Mtunthama, komwe si kutali kwenikweni ndi kwathu, ndipo ali ndi njinga yamoto yawoyawo. Koma anali atatumiza mawu akuti kwathu kwatalika, komanso ali ndi fodya woti asankhe.

Tadala sanavule ndi nsapato zomwe. Anaitananso wakabaza uja, ulendo.

Dzuwa lisanalowe tinamva kulira kwa njinga. Ndi achimwene, Tadala ali kumbuyo atawagwira jekete ngati wagwira mbava.

"Mwana uyu wandipeza m'chigafa," anatero akuseka mwamanyazi. "Akuti, 'Malume, ine ndawoloka nyanja. Inu chokulepheretsani ndi mtsinje uti?' Ndikanayankha chiyani?"

Chinkhoswe chinayenda bwino, ndipo amene anavina mpaka kutaya chipewa ndi a Banda omwewo.

Koma abale anga, nkhaniyi si ya achimwene okha. Ife tili ndi muyezo wachilendo wa mtunda. Munthu akamva kuti kutali ku Kaluluma feteleza watsika mtengo, amalawirira tambala asanalire, n'kunena kuti ndi pompano. Mumuuze kuti azakhali ake akudwala kuseri kwa dambo, mumva kuti msewu wawonongeka, mafuta akwera, nthawi palibe.

Foni nayo yatipusitsa. Timacheza ndi wa kutsidya kwa nyanja tsiku lililonse, tikumuona ndi nkhope yomwe, pomwe m'bale wa mudzi wachiwiri timakumana naye pamaliro pokha. Timadzitonthoza kuti chibale ndi fupa, sichiwola. N'zoona, sichiwola. Koma kodi bondo losapindidwa siliuma?

Tsono ndikufunseni inu amene mukuwerenga: m'bale wanu uja amene utsi wa pakhomo pake mumauona mukaima pachulu cha m'munda mwanu, mukudikira ndege yanji kuti mukamuone?