Tsiku Limene Amisiri Anaimirira

Mumsewu monse ankangowatchula kuti Amisiri. Anali kalipentala, munthu wachibwibwi chibadwire. Kwa zaka makumi atatu iwo ankapala matabwa, akazi awo n'kumayankhula ndi makasitomala.

"Awa ndi manja, pakamwa ndine," ankatero mayiwo, anthu n'kufa nazo kuseka.

Madzi osefukira anakokolola shedi, sowo, mahamala, komanso mayiwo, omwe anabwerera kukatsegulira nkhuku. Amisiri anakhoma okha bokosi la akazi awo. Kuchokera pamenepo anangoti duu pakhomo.

Patapita miyezi inayi kunabwera a boma. Ankakonza ndondomeko yothandizira anthu amene ataya zinthu chifukwa cha kusintha kwa nyengo, ndipo ankafuna kumva kwa eniake. Mwana wamkazi wa Amisiri anawasitira malaya.

"Tiyeni, bambo. Tikapanda kupita, akatilembera zakumutu kwawo."

Msonkhano unachitikira m'kalasi. Mzere wa matope unali ukadali pakhoma, kulekeza m'munsi mwa bolodi. Odziwa kuyankhula anatchula malata, mbuzi, mlatho, mayi wotsogolera akulemba. Ali pafupi kutseka, Amisiri anaimirira.

"Ine nda... nda... nda..."

"Mwana wawoyo awanenere, nthawi yatha!" anakuwa wina kumbuyo.

"Ayi," anatero wotsogolera uja, akuika cholembera pansi. "Musafulumire, bambo. Tidikira."

Amisiri anagwiritsitsa desiki, thukuta lili kamukamu. Mawu ankatuluka limodzilimodzi, ngati misomali yozula m'thabwa lakale. Anati wowayankhulira anapita ndi madzi. Anati kunyumba kwatsala ambiri onga iwo: nkhalamba zosayenda, wosoka nsapato wosamva uja, amasiye amene misozi imawatsamwitsa akati anene. Nanga zawo alemba ndani?

Mwana wawo anabisa nkhope m'manja.

Tsiku lomwelo anagwirizana kuti ndondomekoyo isatsekedwe mpaka anthu atayenda khomo ndi khomo. Posankha oyendawo, munthu anakuwa kumbuyo uja ndi amene anayamba kutchula Amisiri.

Masiku ano Lachiwiri lililonse amatenga kope, mwana wawo pambuyo kuti azilemba. Anthu amawamasukira, poti sadula munthu pakamwa. Kwa wosoka nsapato anakhala masana onse akucheza ndi manja. Pochoka anaona kuti mpando wake ukugwedera, anaugwadira n'kuukonza.