Nkhoswe ya Maungu ku Bangwe

A Kalisto Nakhumwa akhala ku Bangwe zaka makumi atatu ndi zinayi osatolapo ngakhale singano ya munthu. Koma tsiku limene anthu anawakuwiza kuti ndi wakuba, anawapeza atalendewera pa mpanda wa aneba awo, mutu pansi, thalauza itakodwa pa msomali, duwa la dzungu lili kukamwa. Unali m'mawa wa Lachinayi mu Febuluwale, dzuwa litangosuzumira kuseri kwa phiri. Mayi Zeinabu, eni mpandawo, ankatuluka ndi chidebe kukatunga madzi. Ataona miyendo iwiri ikupalasa m'mwamba anaponya chidebecho n'kukuwa, ndipo posakhalitsa pabwalo panadzaza anthu, ena mswachi uli kukamwa, wina atanyamula mpini wa khasu.

Amene anawatsitsa ndi Che Haruna, amuna awo a Zeinabu, aja okhoma zidebe. Thalauza inang'ambika kuyambira m'chiuno mpaka pabondo, ndipo amayi amene amalumbira kuti anayang'ana kumbali ndi omwewo amene mpaka lero amadziwa mtundu wa kabudula wamkati wa tsiku limenelo. Anawapisa m'matumba. Munalibe dzira, munalibe sopo, munalibe foni. Duwa lokha, limodzi, lachikasu, losaphwanyika ngakhale pang'ono.

Nkhani ya duwalo imayambira pa a Rozaliya, akazi awo, amene anamwalira mu Julayi chaka cham'mbuyo mwake.

A Kalisto ndi munthu wosalankhulalankhula. Anagwira ntchito ya m'gadeni ku Namiwawa zaka makumi awiri, kusamala maluwa amene palibe amadya, kenako anakhala mlonda pa sitolo ina ku Limbe mpaka maondo anakana. A Rozaliya ndiye ankalankhulira onse awiri. Ankagulitsa tomato pamsika, ndipo nkhani za ku Bangwe zinkafika kunyumba kwawo zisanafike kwa eni ake. Pokwatiwa anachokera ku Phalombe ndi mphika umodzi, zitenje ziwiri ndi nthanga za maungu za amayi awo. Silinali dzungu wamba. Linali la khosi lalitali, khungu lotuwa, mkati mofiira, louma ngati mbatata. A Rozaliya ankati munthu wothira shuga pa dzungu limenelo ndi wamwano. Chaka chilichonse ankalidzala kuseri kwa nyumba, pakati pa bafa ndi mpanda, n'kusunga nthanga m'botolo pamwamba pa khoma la kukhitchini.

Pamaliro awo panabwera anthu ambiri, ndipo tsiku lachiwiri nsinjiro zinatha. Amayi ophika anapeza botolo lija, anakazinga nthanga zonse, anasinja, anathira m'ndiwo. Anthu anayamika ndiwo za tsiku limenelo. A Kalisto anadziwa patapita sabata, atapeza botolo lotsukidwa bwino lili pathandala. Anatumiza uthenga ku Phalombe. Alamu awo anayankha kuti munda ndi nkhokwe zinapita ndi madzi a namondwe wa mu Malichi uja, mbewu imeneyo kulibenso amene ali nayo.

Mvula ili pafupi, akupinda chitenje chimodzi chimene anakana kupereka pogawa zovala za malemu, anamva mfundo pakona. Anaimasula ndi mano. Munali nthanga zitatu.

Imodzi sinamere. Yachiwiri inamera bwino, koma nkhuku ya mayi Zeinabu inaifukula ili ndi masamba awiri. Tsiku limenelo anthu anamva mawu a a Kalisto kwa nthawi yoyamba ali pamwamba. Anati nkhukuzo ndi mbava, ndipo zinatengera kwa amene amazidyetsa. Mayi Zeinabu, amene pakamwa pawo sipafuna kubwereka mawu, anabweza kawiri. Kuyambira Disembala moni anatha pakati pawo.

Yachitatu inapulumuka. Anaitchinga ndi neti yakale ya udzudzu, ndipo inayanga mpaka pakhoma la bafa.

Anthu ambiri akaona maluwa a dzungu amangoona ndiwo. A Kalisto ankadziwa kuti alipo amitundu iwiri pa chomera chomwecho. Lalimuna limaima pa kaphesi kakatali koonda, ndipo mkati mwake muli kamtengo kamodzi kodzaza mungu, ufa uja wachikasu womata kuchala. Lalikazi limakhala pansi, pafupi ndi tsinde, litabereka kale kadzungu kakang'ono ngati chala chamanthu kunsi kwake, ndipo mkati mwake muli timilomo titatu tonenepa, tonyowa ngati tapakidwa uchi. Limatsegula m'mawa umodzi wokha. Dzuwa likafika pamutu latseka, silidzatsegulanso. Mungu ukapanda kufika pa timilomo tija m'mawa umenewo, kadzungu kamachita chikasu n'kugwa.

Ntchito yonyamula mungu ndi ya njuchi. Koma phiri linametedwa mpala, mitengo inapita m'matumba a makala, ndipo pamene panali tchire pali malata. A Kalisto anakhala pa njerwa sabata yathunthu akudikira, anawerenga njuchi ziwiri, ndipo imodzi inangodutsa ngati ikuthamangira minibasi. Duwa lalikazi loyamba linagwetsa mwana wake. Lachiwiri chimodzimodzi. Kenako mvula inadula, ng'amba inakhazikika, masamba anayamba kutuwa ngati awazidwa phulusa. Chomeracho chinali kudwala, ndipo iwo anaona.

Lachitatu masana anapeza duwa lalikazi lachitatu litatupa, nsonga yake itayamba chikasu, kusonyeza kuti litsegula mawa. Anawerenga aamuna amene adzatsegule nalo limodzi, anapeza anayi. Ku Namiwawa anaphunzira kusamutsa mungu ndi dzanja pa magalagadeya, choncho anati basi, za njuchi zatha, mawa agwira okha ntchitoyo. Anasamba, anavala, anapita ku mphakati kukapemphera mtima uli m'malo.

Pobwera anamva fungo ali panjira. Alinane, mwana wawo yekhayo, wokwatiwa ku Machinjiri, anali atabwera osauza munthu. Anali atasesa, atachapa, ataphika.

"Ababa, mwaonda," anatero Alinane akuwathira madzi m'manja. "Nyumba yonse mulibe ndi anyezi yemwe. Ndiye ndangothyolako nkhwani kuseriku, ndi chiluwe."

A Kalisto anavundukula mbale. Maluwa achikasu anali atasakanikira ndi masamba ndi nsinjiro.

"Musaope, ndathyola mmene ankanenera amayi," anapitiriza Alinane monyadira. "A kaphesi kakatali okhaokha. La kamwana lija ndalisiya. Kungoti anali ochepa, ndiye ndatenga ndi osatsegula omwe."

Mwanayo sananame. A Rozaliya ankaphunzitsa choncho. Koma a Rozaliya ankakhala ndi mapando khumi, ndipo akathyola maluwa asanu ankatsala makumi awiri.

"Zakoma, ababa?"

A Kalisto anatafuna nthawi yaitali. Choipa chake n'chakuti zinakomadi. Mchere wake, tomato wake, zonse zinali za dzanja limodzi lomwe lija.

"Zakoma, mwanawe. Ngati amayi ako."

Anamuperekeza pa siteji, anabwerera, anakwawa pansi pa masamba onse mpaka dzuwa kulowa. Sanapeze lalimuna ngakhale limodzi.

M'mawa mwake duwa lija linatsegula, lalikulu ngati mbale ya tiyi. A Kalisto anaima pambali pake manja ali kumbuyo. Kuseri kwa mpanda, padzala la mayi Zeinabu, panali dzungu lomera lokha kuchokera ku nthanga zotayidwa za maungu a pamsika, aja ozungulira, amadzimadzi. Linali ndi maluwa aamuna oposa khumi, onse ali yasa, opanda ntchito. A Kalisto ankadziwa bwino mtengo wake wa chimene ankaganiza. Dzungu lobadwa pamenepo lidzafanana ndi mayi wake, koma nthanga za mkati mwake zidzakhala ndi magazi a mbali ziwiri. Komanso ankadziwa kuti akadikira, masana kulibe dzungu, kulibe nthanga, kulibe chilichonse.

Akanatha kugogoda pageti. Koma munthu amene unamunena kuti amaweta mbava umamuyamba bwanji? Ndiponso bambo wamasiye angaime bwanji pakhomo la mkazi wa mwini m'mamawa n'kunena kuti akufuna duwa lalimuna? Kupita anadumpha bwino. Msomali unawadikira pobwerera.

"Duwa?" anatero mayi Zeinabu, manja m'chiuno, anthu atazungulira. "Mwang'amba thalauza ya kutchalitchi chifukwa cha duwa? Mukanapempha bwenzi nditakupatsani dengu lonse, ndi nsinjiro zomwe!"

"Si lodya, aneba," anayankha a Kalisto, dzanja limodzi litagwira pong'ambika. "Ndi lokwatitsa."

"Kukwatitsa ndani?"

"Dzungu."

Anthu anaseka mpaka wa mpini uja anakhala pansi. Wina anafuula kuti, "Ankhoswe a maungu!" ndipo dzinalo linamata pomwepo, silinachokenso.

A Kalisto anadikira kuti phokoso lichepe. "Ndi la a Rozaliya," anatero, akuyang'ana pansi. "Latsala limodzi. Likatseka masana ano, basi."

Mayi Zeinabu ndi amene ankasambitsa a Rozaliya masabata awiri omaliza, pamene sankathanso kudzuka. Anatembenukira gulu lija. "Inu kwanu kulibe ntchito? Tiyeni, filimu yatha." Anapita padzala, anathyola maluwa ena awiri, anavula chitenje chapamwamba n'kuponyera a Kalisto kuti abise manyazi. "Tsogolani. Koma tidzere pageti ngati anthu."

Kuseri kwa bafa a Kalisto anagwada pang'onopang'ono, maondo akulira. Anasenda duwa lalimuna, kuchotsa zachikasu zonse zakunja, mpaka kunatsala kamtengo kaja kokha, kali mbuu ndi mungu. Anakalowetsa m'duwa lalikazi n'kukhudza timilomo tija, kamodzikamodzi, akukazunguza mofatsa ngati akupaka mankhwala m'diso la mwana. Ufa wachikasu unatsalira pa timilomo tonse titatu. Anabwereza ndi lachiwiri, ndi lachitatu. Kenako anasonkhanitsa nsonga za duwalo n'kuzimanga ndi ulusi umene anasolola ku chitenje cha mfundo chija.

"Basi?" anafunsa mayi Zeinabu, atawerama. "Ukwati wake ndi womwewu? Wopanda ndi mpunga womwe?"

"Ndi womwewu."

Mayi Zeinabu anaika dzanja pakamwa n'kuimba nthungululu yaing'ono, yapansipansi, yoti asamve a kumsewu. A Kalisto anafuna kuseka, koma chimene chinatuluka sichinali kuseka, ndipo aneba awo anayang'ana ku bafa mpaka anamaliza.

Kadzungu sikanagwe. Patatha masiku anayi kanali ngati dzira, patatha sabata ziwiri khosi linaoneka. Chomeracho chinatulutsanso maluwa aamuna angapo, ochedwa ngati mboni zofika mlandu utatha, koma lalikazi silinabwerenso. Mu Epulo chinauma, chitasiya dzungu limodzi, la khosi lalitali, lotuwa, lenileni la ku Phalombe.

A Kalisto analisunga kuchipinda, pa mpando umene a Rozaliya ankaikapo zovala. Anthu amati ankalipukuta fumbi Loweruka lililonse, ndipo ena amawonjeza kuti ankalipatsa moni, koma zimenezo palibe anaziona ndi maso. Mu Julayi, chaka chitakwana chimwalirire a Rozaliya, analidula. Anaitana Alinane, mayi Zeinabu ndi Che Haruna. Linali louma, lotsekemera, palibe anatchula shuga. Alinane analira ali ndi supuni m'manja. Za chiluwe chija bambo ake sanamuuze, ndipo ku Bangwe, kumene chinsinsi sichigona, ichi chokha anthu anamusungira.

Nthanga anaziyanika pa lichero. Mayi Zeinabu anatsekera nkhuku zawo masiku atatu popanda wowapempha.

Munthu amatha kudziwa chinthu m'mutu, mtima n'kumakanabe. Mvula itagwa a Kalisto anadzala mapando makumi awiri, ena kuseri kwa bafa, ena m'mphepete mwa ngalande. Anamera onse. M'mawa uliwonse Ankhoswe ankayenda ndi duwa m'manja, ndipo amayi a m'deralo anayamba kuwaitanira ku maungu awo amene ankagwetsa ana. Ankapita, osakana, koma maso awo anali pa mapando awo, kudikira khosi.

Maungu anabereka ambiri. Ena anali ozungulira. Ena anali ndi mizere yobiriwira. Awiri atatu anayamba kutulutsa kakhosi, n'kulekera panjira ngati asintha maganizo. A Kalisto anadula loyamba, anaphika, linali madzi okhaokha. Anadula la phando lina. Anayesa phando lililonse, tsiku ndi tsiku, mpaka la makumi awiri, lotuwa pang'ono, limene analisungira kumapeto chifukwa ndi limene linkawapatsa chiyembekezo.

Mayi Zeinabu anawapeza masana atakhala pakhonde, mbale ili pamiyendo, atangolumako kamodzi. Pambali pawo panali lichero, nthanga zatsopano zitayalidwa kale.

"Mwina za chaka chamawa zidzakumbukira kwawo," anatero a Kalisto, osakweza mutu.

Mayi Zeinabu anatenga supuni m'mbalemo, analawa, anameza, anayang'ana lichero, kenako anayang'ana mwini wake.

"A Kalisto, dzungu la a Rozaliya tinadya mu Julayi, ndipo linatha. Ili ndi la padzala langa. Thirani shuga mudye, mwaonda."