Kambale Kamene a Kwecha Sanakatsuke

Zaka makumi awiri ndi zitatu a Kwecha akhala akutsuka timbale tagalasi mu labotale, ndipo ndinene pano, palibe kachilombo kanapulumukapo m'manja mwawo. Dzinali anawapatsa ndi anzawo a kuntchito, poti mayiwa akagwira bulashi amakwecha mpaka galasi kulira. Ntchito yawo amaikonda, amaimba ali pa sinki. Sukulu sanapite nayo patali, koma chinthu chimodzi ankachidziwa bwino: kachilombo ndi mdani, basi.

Nkhondoyi ankafika nayo ndi kunyumba komwe. Amuna awo, dalaivala wopuma pantchito, akangoti khosu, a Kwecha ali kale kusitolo ya pakona kukagula makapisozi. Chimfine, kapisozi. Msana, kapisozi. Mdalayo ankangomeza, poti kutsutsana ndi a Kwecha n'kudzitopetsa chabe.

Ndiye chaka chatha mdala uja m'kamwa munachita mbuu, zoyera ngati mkaka wogona, lilime lonse mpaka kukhosi. Kumeza kunali kowawa. Milungu iwiri ankangopsontha tiyi, thalauza n'kuyamba kuvuka lokha. A Kwecha anachita mantha kuti munthu awafera ndi njala chakudya chili m'nyumba, ndiye anawonjezera makapisozi. Zoyera zija nazo zinawonjezera.

Lachitatu lina m'mawa, akutolera zotsuka ku labotale, anatola kambale kodabwitsa patebulo lina. Mbali imodzi kunamera timadontho toyera, mbali inayo mzere wotuwa, pakati pake mpata wopanda kanthu.

"Amayi, chonde kameneko musatsuke!" anafuula mayi wina wofufuza, mwini wake wa tebulolo.

"Kawonongeka aka, achemwali. Taonani, zamera mbali imodzi."

"Ubwino wake ndi umenewo. Toyerati ndi yisiti, osati ya buledi ayi, yodwalitsa ija imayeretsa m'kamwa. Mzerewu ndi mabakiteriya okhala m'matumbo mwa munthu. Amailanda chakudya, amatulutsanso asidi amene yisitiyo sagwirizana naye, ndiye imalephera kufalikira."

"Aa! Tizilombo kumuteteza munthu?"

"Eetu. Munthu akamamwa makapisozi mwachisawawa amapha ndi amenewa omwe. Pomwe yisiti kapisozi siimumva. Imatsala yokha m'nyumba, n'kutambasula miyendo."

A Kwecha anakhala pansi ndi magolovesi omwe. "Mayo ine," anatero motsitsa. "Ndiye kuti alonda a abambo ndawathamangitsa ndine." Safunsa anadya phula. Zaka zonsezi anthu odziwa anali nawo pamphuno, iwo ali kalikiliki ndi bulashi.

Anapempha kuweruka msanga, anakatenga amuna awo, ulendo wa kuchipatala. Makapisozi otsala anawanyamula m'kajumbo, n'kukawakhuthulira patebulo la adokotala osabisa kanthu. Adokotala anapukusa mutu, analemba mankhwala a yisiti. "Awa asiyeni, mayi. Mabakiteriya a m'matumbowo abwerera okha bambowa akayamba kudya bwino."

Pobwerera mdala ankafuna kuwaseka akazi ake, koma m'kamwa simunalole. Anangowaloza ndi chala, mapewa akugwedezeka.

"Sekani," anatero a Kwecha. "Mukachira mudzaseke bwino."

Masiku anayi otsatira anali aatali. Ankaphika, mbale n'kubwerera momwe yapitira. Tsiku lachisanu masana anaika mpunga ndi nyemba patebulo, iwo n'kuima pakhomo ngati akupukuta chitseko, koma diso lili pa sipuni. Sipuni yoyamba inalowa. Yachiwiri. Yachisanu. Kenako mdala analeka kudya, n'kukwinya nkhope. A Kwecha anasiya kupukuta chitseko.

"Amayi," anatero bamboyo, "kodi mchere unatha m'nyumba muno?"

A Kwecha, amene salola munthu kunyoza zophika zawo, anathamangira kukhitchini akuseka, misozi ili mbwembwembwe. Anabwera ndi mchere, ndi poto yemwe.